Majombo a Bambo a Chithokozo

Mitundu,
Lilongwe.
18 Meyi 2025

Okondedwa achimwene a Luka,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Joni, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalatayi ndapatsira mwana wa a Maliro yemwe akubwerera komweko pa basi. Tsiku lija pa foni mudandifunsa funso, foni nkuduka. Sidali netiweki, achimwene, ndidadula ndine chifukwa mawu adakana kutuluka. Mudati, "Nanga alamu adalowerenji m'moto pomwe ntchito idali itatha?" Lero ndakhala pansi kuti ndikuyankheni.

Mukudziwa kuti alamu anu a Gilibati adali m'gulu la ozimitsa moto lomwe bungwe lina lakunja lidakhazikitsa kuno, kuti moto ukabuka ku Mitundu, ku Nathenje kapena m'maesiteti, thandizo lizichokera pafupi. Chaka chino chitangoyamba, kudabwera bambo wina wa tayi kudzawauza kuti thandizo ladulidwa komwe limachokera. Adawagwira chanza mmodzimmodzi nkumapita. Galimoto yozimitsira moto adaisiya, akuti ndi mphatso kwa anthu a kuno, koma yopanda dizilo. Malipiro adathera pomwepo, ndipo zovala zatsopano zomwe adawalonjeza sizidabwere. Jekete la alamu anu lidali litang'ambika paphewa, moti ndidalisoka ndekha ndi ulusi wosokera matumba.

Tsikulo adafika kunyumba masana nkukhala pakhonde osavula majombo. Ine mumtima ndidakondwa, ndisakunamizeni. Ndidati tsopano foni ikalira mtima suzindidumphanso. Tidayamba kukambirana zokalima dimba ku Diamphwe kwa amalume awo.

Koma anthu sadavomere. Amayi a pamsika sadaiwale moto uja udayambira m'mabenchi a kaunjika, womwe ukadamaliza msika wonse pakadapanda anyamatawa. Mayi Felesiya, ogulitsa tomato aja, adayamba kuyenda ndi dengu benchi ndi benchi. Uyu aponyemo anyezi, uyu usipa, uyu kathumba ka ufa, madzulo akagawire mabanja a ozimitsa moto. A kabaza adati ozimitsa moto azikwera ulere. Madalaivala a minibasi, ngakhale mafuta akusowa chonchi, ankabweretsa dizilo m'tizigubu. Kenaka mipingo idakonza tsiku lowathokoza pabwalo la mpira. Makwaya adaimba, iwo ataima pamzere ndi yunifolomu zawo zakuthazo. Mayi wina wa ku Nathenje, yemwe adamupulumutsira chigayo, adavina mpaka kudzawakoleka chitenje m'khosi alamu anu. Munthu uja sadalire pamaliro a bambo ake, koma tsikulo ndidaona akupukuta m'maso ndi chitenjecho.

Pobwerera kunyumba adandifunsa, "Amake Chithokozo, mwaona?"

Ndidati, "Ndaona. Koma tomato sazimitsa moto, ndipo nyimbo simungavale."

Iwo adati, "Ndiye akandiimbira foni ndiziti chiyani? Ndiziti pepani, thandizo lidatha, ingopsani?"

Yankho la funso lanu lija ndi limeneli, achimwene. Ntchito idatha papepala, koma nambala yawo anthu adali nayobe.

Lidali Loweruka masana, mwezi wathawu, alamu anu ali mkati mokonza khola la nkhuku. Foni idalira kuti chigafa chayaka pa esiteti ina kufupi ndi Nathenje, chodzaza fodya wa matenanti. Adavala akuthamanga, waya ndi pulayala nkuzisiya pansi pomwepo. Zotsatirazi adandiuza ndi a Mateyu, mnzawo wa pantchito. Galimoto idanyamuka bwinobwino ndi madzi ake, koma dizilo adathera panjira. Adaisiya pomwepo nkukwera njinga zamoto, ndowa zili m'manja. Pofika adapeza moto wadya kale mbali imodzi, anthu akuthamanga ndi madzi a pamjigo. Iwo adayamba kugwetsa chigafacho chapakati kuti moto usawolokere mbali inayo. Apo mpamene mayi wina adakuwa kuti amuna ake ali mkati. Adali a Davide, tenanti wachikulire wochokera ku Phalombe, yemwe adalowa kukakoka fodya wake, thukuta lake la chaka chonse.

A Mateyu akuti adawagwira mkono alamu anu nkuwauza kuti, "Gili, tilibe paipi, tilibe chophimba kumaso, usalowe." Iwo adangoviika chiguduli m'ndowa, nkufunda kumutu, nkulowa. A Davide adatulukadi, atakankhidwa kumsana, manja atapsa. Alamu anu ali pafupi kutuluka, denga lidagwa, udzu ndi pulasitiki zikuyaka. Anzawo adawakoka pogwiritsa ntchito mitengo. Moto udalowera paphewa pomwe ndidasoka paja. Anthu amandiuza kuti ndisamaganize zimenezo, kuti ngakhale jekete latsopano silikadathandiza, koma ine ulusi umenewo ndimauona ndikatseka maso.

Ku chipatala cha Nkhoma madokotala adayesetsa, sindingawanene kanthu. Adakhala masiku angapo, atakulungidwa mabandeji, maso okha ali pamtunda. Tsiku lina adatsitsimuka nkundifunsa chapansipansi, "Mkulu uja ali moyo?"

Ndidati, "Ali moyo."

"Nanga fodya wake?"

Fodyayo adapsa yense, koma ndidati, "Wapulumuka." Adatseka maso ngati munthu wamva nkhani yabwino. Mmawa mwake ndidatuluka kukachapa nsalu yawo, pobwerera ndidapeza anesi atakoka makatani.

Zithunzi za maliro mudaziona pa foni, koma sizionetsa zonse. Msika wa Mitundu udatsekedwa, chinthu chomwe sindidachionepo chibadwire. A kabaza adandanda kuchokera pa siteji mpaka kumanda. Matenanti adabwera wapansi kuchokera ku Nathenje. Bokosi lidakwera pa galimoto yawo ija, ndipo tsiku limenelo, achimwene, dizilo adapezeka wodzaza thanki. Nditamva injini ikulira ndidafuna kukuwa. Ndidakwiyira aliyense, oimba, ophika, olankhula mawu okoma, ngakhale Mayi Felesiya omwe adali atandigwira m'chiuno kuti ndisagwe. Ndinkati mumtima, mukadapanda kuwakonda chonchi bwenzi pano akuthirira kabichi ku Diamphwe. Koma ndikayang'ana nkhope zawo ndinkaona kuti akuliradi, ndipo ndi anthu osauka ngati ine, omwe adapereka chomwe adali nacho. Mpaka lero sindikudziwa woti ndimukwiyire. Amene adadula thandizolo sindikuwadziwa ngakhale dzina, ndipo sindikhulupirira kuti adamvapo za munthu wotchedwa Gilibati.

A Davide amabwera Lamulungu lililonse ndi akazi awo. Mayiwo amasesa pabwalo ndi kutunga madzi, iwo amangokhala pansi pa mtengo wa mango, manja ali m'mabandeji. Sinditha kuwayang'ana kumaso, komanso sinditha kuwathamangitsa. Adamaliza okha khola la nkhuku lija, movutika, ndi zala zomwe zidatsala zabwino.

Sabata yatha kudabwera a Mateyu. Adazungulirazungulira ndi nkhani za mvula ndi mitengo ya chimanga, kenaka adavula chipewa nkunena kuti, "Alamu, mutikhululukire. Majombo a mnzathu George adasungunuka tsiku lija, ndipo tilibe ena. Tati tipemphe a malemu, pamodzi ndi chipewa chawo cholimba chija."

Ndidati, "Kodi simudasiyebe?"

Adati, "Nyengo yotentha tchire ikubwera, alamu. Anthu akuimbabe."

Ndidalowa m'nyumba nkutseka chitseko, iwo ali pakhonde pomwepo. Majombowo ankakhala kuseri kwa chitseko, ndipo Chithokozo akachokera kusukulu ankalowetsamo miyendo yake nkumayenda nawo m'nyumba mokwekwereza. Ndidakhala nazo masiku angapo. Kenaka ndidakumana ndi akazi a George pachigayo, ali ndi pakati, ndipo adandipatsa moni akuyang'ana pansi. Ndidadziwa chomwe chimawachitikira foni ikalira. Dzulo ndidawapukuta majombowo ndi chipewa nkukapereka ndekha. Chithokozo adalira mpaka kugona osadya.

Mudati ndibwere kumeneko ndi mwana, mudzandipezera ntchito. Zikomo, achimwene, koma pakadali pano sindingathe. Manda akadali ofiira. Chomwe ndikupempha ndi ichi: ngati kumeneko kumapezeka magolovesi olimba osapsa msanga, ndi zophimba kumaso zoteteza utsi, ngakhale zogwiritsidwapo kale ntchito, mupatsire mwana wa a Maliro akamadzabweranso. Kusiya sasiya anthuwa, ndayesa kuwauza.

Mupereke moni kwa alamu anga a Memory, muwauze kuti nsalu ija ndidalandira. Moni kwa Innocent ndi Thoko, alimbikire sukulu. Amayi ali bwino, miyendo yokha ndiyo ikuvuta, akuti muziimba. Chithokozo akuti moni amalume, dzino lake lakutsogolo lachoka ndipo akufunsa kuti akamuonetse ndani.

Pofika apa mpamene alamu anu ankandilanda cholembera kuti alembe okha moni wawo ndi kukunyozani za timu yanu ya mpira. Ndadikira pang'ono, kenaka ndakumbukira.

Ndine mlongo wanu,
Alinafe