Mpweya Umodzi wa Ababa

Lolemba, 15 Okutobala 2001

Mayeso a Histole ndi Lachisanu. Chaka chatha ndinalemba masamba atatu pa funso loyamba lokha, belu n'kundipeza ndisanaone lachitatu. Ndikagwanso chaka chino basi, sukulu yathera pomwepo, palibe kubwereza Folomu 4 kachitatu.

A Fanizo, aphunzitsi athu, ati mutu uliwonse tiupanikize ukhale chiganizo chimodzi, kuti polemba tizingochimasula. Mitu ina ndatha. Wandikanika ndi wa amuna opita ku migodi ya ku Joni. Ndili ndi manotsi a m'kalasi, kabuku ka Esnath mnzanga, ndi zimene ndinakopera ku laibulale. Masamba khumi ndi anayi! Ndikati ndichotse ichi, chikundimvetsa chisoni. Ine ndi mawu ngati Amayi ndi zigamba, sititaya.

Lachiwiri, 16 Okutobala

Ndimawerenga mokweza pakhonde. Ababa ali pampando wawo, akupuma movutika monga mwa masiku onse, chifuwa chija anabwera nacho kumgodi. Ndinafika mzere wachisanu ndi chimodzi, chiganizo chisanathebe.

"Iwe, ukuyimba nyimbo yamaliro?"

Ndinawafotokozera za a Fanizo. Anati ndiwapatse pepalalo. Anayesa kuwerenga, anafika pa "msonkho" n'kutsamwa. Atapuma anati, "Chimene sindingathe kunena ndi mpweya umodzi, n'chachitali. Dula."

Ndinaseka, koma mumtima munandiwawa. Ababa akhala akudula mawu awo zaka zonsezi, ine osazindikira kuti ndi luso. Munthu akamagula mpweya modula sawononga.

Lachitatu, 17 Okutobala

Tagwira ntchito, ine cholembera, iwo chifuwa. Ndikalemba, iwo akuyesa. Akatsamwa, ndikudula.

Zaka za mapangano, zapita. Mayina a madoko ndi masiteshoni, apita. Ndinalimbikira kusunga zoti amuna ankaphunzira zilankhulo zatsopano. Ababa: "Zotukwanirana zokhazokha. Chotsa."

Pakati pake anayamba kukamba okha, pang'onopang'ono. Za chikepe chotsikira pansi, za mnzawo Goliati wa ku Kasinje amene ankaopa mdima koma anakhala pansipo zaka zambiri kuposa onse. Sindinawamvepo akukamba zimenezi. Ababa anapita ku Joni ndili m'mimba, ankangobwera kudzaona n'kubwereranso, anadzakhazikika ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndimakumbuka ndikubisala kuseri kwa nkhokwe, kuthawa mlendo wachipewa.

Amayi amasankha kachewere wambewu pabwalo. Atangomva "Joni" ananyamula dengu lawo ulendo kuseri kwa nyumba. Amatero nthawi zonse. Za zaka zimenezo sanenapo kanthu, ndipo ine sindifunsa.

Madzulo, lomwelo

Chatheka!

"Amuna ankapita ku migodi chifukwa cha msonkho ndi umphawi, nabwerako ndi njinga, malata ndi matenda a chifuwa."

Zifukwa zilimo, zabwino zilimo, zoipa zilimo. Ababa achinena chonse osapuma, kawiri. Ndachitembenuza m'Chingerezi, chikukwana pachikhatho. Ndavina pang'ono, nkhuku zokha ndizo zandiona.

Koma iwo sanasangalale monga ndimayembekezera. Angoti, "Hmm."

Lachinayi, 18 Okutobala

M'mawa a Fanizo achiwerenga, ati, "Tikondwe, ndiwe yemwe uja wa masamba atatu?" Ndabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi.

Ndapeza Ababa akundidikira, pepala la khumi ndi chimodzi lili pamwendo. Lija ndinalikhwatcha lonse dzulo, la akazi otsala kumudzi. Amayi ali poteropo ndi kachewere wawo.

"Ichi unachotseranji?"

"Sichimakwana, Ababa. Mumatsamwa."

"Bwezera."

Ndinati ndiye tichotse njinga ndi malata. Anakana, ati a mayeso amafuna zabwinonso, usataye malikisi. Ndiye mpweya wanu? ndinafunsa. Anati umenewo ndi wawo, ine ndilembe.

Ndinalemba monga ananenera. Anakhala tsonga, n'kugwira m'mbali mwa mpando ngati munthu wofuna kunyamula thumba la chimanga. Anakoka mpweya, ndinaumva ukulira m'kati. Sanayang'ane pepala, anayang'ana pabwalo.

"Amuna ankapita ku migodi chifukwa cha msonkho ndi umphawi, nabwerako ndi njinga, malata ndi matenda a chifuwa, pamene akazi awo ankalima okha, kulera ana okha, ndi kusunga mudzi."

Mawu omaliza anatuluka ngati kunong'ona. Kenako chifuwa, chachitali, mpaka misozi. Ndinachita mantha, ndinadzuka kuti ndikatunge madzi.

Amayi anali atafika kale ndi kapu. Sanathawire kuseri lero. Anawagwirira kapuyo pakamwa mpaka chifuwa chitaleka, n'kuwapukuta pachibwano ndi nsonga ya chitenje.

"Mwaba mpweya pakati," anatero. "Ndakuonani. Pa malata paja."

"Sindinabe, aNangozo."

"Mwaba."

Anakoka dengu lawo n'kukhala pansi pafupi ndi mpando, msana atatsamira mwendo wa Ababa. Anasankha kachewere awiri atatu, osayang'ana aliyense. Kenako anati kwa ine, "Tawerenganso, ndimve bwino pothera pakepo."

Ndinawerenga. Inenso ndinapuma kawiri.

Lachisanu, 19 Okutobala

Mbandakucha. Zolembera ziwiri, rula, chiphaso. Masamba khumi ndi anayi ndawasiya pansi pa mphasa, sindikuwafunanso.

Amayi andiperekeza mpaka pamsewu, chinthu chimene sanachitepo. Posiyana andikonza kolala, n'kunena kuti, "Likabwera funso limenelo, zaka zimene ndinatsala ndekha zinali zisanu ndi zitatu. Ukapeza malo, ulembe."