Dzina la Bambo Aakulu m'Kaundula wa Padoko

Okondedwa Achemwali,

Cholinga cha kalatayi ndi kufotokoza zimene zinachitika pa ulendo wa masiku atatu umene ine ndi mkazi wanga, alamu anu, tinayenda ndi bambo kupita kumzinda wakale uja wa kummwera, m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndiponso kupempha thandizo lanu pa mlandu umene ndinapalamula kumeneko. Koma ndiyambe ndafunsa: kodi muli bwanji, inu ndi alamu? Nanga maso a bambo akuonabe bwino chichotsereni ng'ala ija? Ife kuno tili bwino, kupatula chifuwa cha mwana wamng'ono, ndi denga la ku ofesi limene layamba kudontha pamwamba penipeni pa mafayilo.

Munafunsa chifukwa chimene bambo anabwerera kumudzi kutatsala sabata yathunthu kuti tsiku lawo lochokera kuno likwane. Wolakwa ndine.

Maso atachira, bambo anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti akaonenso doko limene ankasenzapo katundu ali mnyamata. Ine ndinalemba ndondomeko ya ulendo, ola ndi ola. Tsiku loyamba tinaona linga lakale ndi mizinga yake, tinayendanso m'misewu yopapatiza yoyalidwa miyala. Bambo ankangoti zimenezi n'za alendo, iwo akufuna padoko. Ndinawauza kuti doko lili pa tsiku lachiwiri, nthawi ya teni koloko.

Titafika padoko anasanduka munthu wina. Anapatsa alamu anu ndodo kuti awagwirire, n'kumayenda patsogolo pathu. Nyumba zosungiramo katundu zija tsopano ndi malo omweramo tiyi, koma iwo analoza khomo limene ankalowera, pamene pankakhala sikelo, ndi chitsulo chomangirapo zingwe za sitima chimene anati chinawadyera zala ziwiri zija. Anaseka mtsikana wogulitsa tiyi kuti akuimika makapu pamene iwo ankaunjikapo matumba mazana, nayenso anawayankha kuti agogo akabwera ndi matumba awo adzawasunthira makapuwo.

Ndikanasiyira pomwepo. Koma m'chipinda chapamwamba amasungiramo makaundula akale a antchito, ndipo ine, poganiza kuti ndiwapatsa mphatso, ndinapempha wosunga mabukuwo kuti tione dzina lawo. Tinafufuza zaka zisanu ndi chimodzi, tsamba ndi tsamba. Dzina la bambo munalibe. Limene tinapeza linali la malemu bambo aakulu.

Achemwali, ndilemba mawu anga monga ndinawanenera, pakuti sindiyenera kudzichepetsera mlandu. Ndinati kaundula sanama, amene anagwira ntchito pano ndi bambo aakulu, ndipo mwina bambo anamva nkhanizo kawirikawiri mpaka kuzitenga ngati zawo, monga zimachitikira munthu akakula. Ndinanena izi pamaso pa mpongozi wawo ndi pa munthu wachilendo. Bambo anandiyang'ana, n'kunena kuti popeza ine Kalaliki ndagamula, nkhani yatha. Kenako anaitanitsa ndodo yawo. Tsiku lachitatu anakana kutuluka m'chipinda chawo chogona. Anangokhala pampando atafulatira zenera loyang'ana kunyanja.

M'basi pobwerera alamu anu anandinong'oneza kuti ine ndikanatha kufunsa malemu mayi chikalata chotsimikiza kuti anandibereka ndisanawatche mayi. Ndinakwiya. Lero ndikuvomereza.

Lachiwiri lapitali wosunga mabuku uja wanditumizira tsamba lina, lochokera m'buku la ngozi za pantchito. Pa dzina la bambo aakulu palembedwa kuti chingwe chinadula zala ziwiri za dzanja lamanzere. Inu ndi ine tikudziwa kuti bambo aakulu anaikidwa m'manda ndi zala zonse khumi. Wosungayo walembanso kuti masiku amenewo anyamata osakwana zaka ankalembedwa ntchito ndi ziphaso za akulu awo. Choncho bambo anasenza katundu zaka zisanu ndi chimodzi akuyankha dzina la mkulu wawo, ndipo atabwerera pamalopo ali ndi imvi, mwana wawo anawalandanso zaka zomwezo. Umboni unali padzanja limene linagwira ndodo, pafupi nane, koma ine maso anali papepala. Safunsa anadya phula.

Ndaimba foni katatu. Nthawi zonse mwandiuza kuti agona, ndipo ndikudziwa kuti bambo sagona masana.

Pempho langa ndi ili. Muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha ndime imene ili ndi mawu anga oipa aja. Mukatha, muwafunse ngati angandilole kufika pakhomo pawo. Musawakakamize kukhululuka, ndiponso musandiikire kumbuyo kuti ndi mmene sukulu inandiumbira. Ngati akana, mundilembere mosabisa.

Zimene tagwirizana ndi izi. Ndapempha tchuthi cha masiku khumi kuyambira pa 14 mwezi wamawa, ndipo abwana avomera. Alamu anu avomera kutsala ndi ana. Wosunga mabuku wa padoko wavomera kuti, bambo akafotokoza okha mbiri ya ntchito yawo, ine n'kulemba monga akunenera popanda kukonza liwu, adzaika pepalalo m'kaundula, pa tsamba lomwelo, m'dzina lawo lenileni. Otsala kuti avomere ndi bambo okha, ndipo popanda iwo palibe chimene chidzalembedwe.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa mayi aakulu ndi kwa adzukulu onse. Kwa bambo musapereke moni wanga mpaka atamva kalatayi.

Ndine mlongo wanu,
Kalaliki