A Ndevu Akuti Ndidikire Kaye

Lolemba, 6 Meyi

Iwe Kapitawo, ndikudziwa kuti umatsegula kope langali ndikalowa kubafa. Umalibwezera chozondoka. Ndinakubala ndine, sungandipusitse. Ndiye poti kuwerenga za eni umakonda, tandiyankha: unamuonapo kuti wamalonda woti munthu akuloza katundu kuti "ndikufuna uyu," iye n'kumati "dikirani kaye"?

Ndi zomwe andichita lero a Ndevu, ogulitsa njinga za magetsi aja. Ndinapita nditamanga kale mfundo. Yakuda ija, ya kaliyala wotambalala woti bokosi langa la zida likhazikike bwino.

"Mayi, bwanji mudikireko pang'ono? Kukubwera zina. Za-ma-ba-ti-re o-pe-pu-ka." Kuyankhula kwake kokoka, kokweza, ngati ndine gonthi.

Ndati bambo, bondo langali silikudziwa zoti kukubwera zina. Angoseka n'kundikokera mpando. Mpando ndinaupempha ine?

Pali chimene akubisa.

Lachiwiri, 7 Meyi

Chitunda cha kwa amayi a mayunifolomu, kumene ndimakonza makina osokera, chandithetsa mankhalu. Ndatsika pakati, kukankha njinga yakaleyi mpaka pageti, bondo likuchita kuyaka. Ndafika atelala atapinda manja, makina awiri ali zii kuyambira m'mawa. Makina ena anali kungodula ulusi, enawo lamba anatha. Ntchito yosachedwa, koma kufikako.

Amayiwo sanakalipe. Bola akanakalipa. Angoti, "Lolemba likubwerali tiyamba oda yaikulu ya sukulu. Tikufuna munthu woti tikamuimbira, afike. Ngati zikukuvutani, Mayi Makina, nenani, tiyese a Kachipewa."

Kachipewa! Munthu wothira mafuta ophikira m'makina.

China chandinyansa: nditamaliza, aitana telala wamkulu kuti ayang'anenso zomangira zonse zimene ndamanga. Chiyambireni kuwakonzera makina sanachitepo zimenezo. Ine makina sindinaphunzire kukoleji, ndinachita kumasula makina a malemu amayi anga mpaka kuwadziwa m'mimba mwake monse. Lero wina azindiona m'mbuyo?

Lachitatu, 8 Meyi

Ndawerenga za mabatire pafoni mpaka maso kuwawa. Akuti akakhalitsa m'shopu osatchajidwa amafooka. Mwina ndi zimenezo: yakuda ija batire lake linafa kale, a Ndevu akuopa kuti ndikawabwezera ndi phokoso. Komatu wakuba sakaniza munthu kugula. Akanandigulitsa n'kundiperekeza ndi mano panja.

Ndamufunsa Kapitawo pa chakudya chamadzulo kuti akuona bwanji. Osadzutsa n'komwe mutu: "Dikirani kaye, Amayi. Kukubwera zina."

Mawu omwewo. Kaya aliyense akuwerenga tsamba limodzi pafonipo.

Lachinayi, 9 Meyi

Mvula. Bondo. Sindinatuluke.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndamupeza! Kachipewa ali m'shopu mwa a Ndevu, dzanja lili pa chishalo cha njinga yanga, akudina belu ngati mwana. Ndiye nkhani yake ndi imeneyi, akusungira mnzawo. Iye akwere chitunda cha mayunifolomu akuimba likhweru, ine ndizidikira zopepuka.

Ndalowa osaodira. Ndati a Ndevu, ngati munaigulitsa kale nenani, ine mawu okuluwika sindimva.

Kachipewa akuti, "Aa, Mayi Makina, ine ndangobwera kudzapopa matayala. Iyiyi sindingaikwanitse." Kenako wandiyang'ana mwachisoni, wavula chipewa chake chija, akuti, "Koma mukupezako bwino?"

Ndati ndikupezako bwino chiyani? Ndadwala liti? Wangoyang'ana a Ndevu, a Ndevu ayang'ana kudenga.

Ndaumirira kuti ndiiyese. Akana, akana, mpaka ndati ndikhala pakhomo pomwepa ndiziuza aliyense wolowa kuti muno amagulitsa zowola. Aitulutsa.

Mayo ine. Kungoponda pang'ono, imachita ngati wina wakukankha kumsana mwaulemu. Kamtunda ka kuseri kwa shopu ndakwera nditakhala pansi, bondo osadandaula ngakhale pang'ono. Mota yake imangolira ngati makina othiridwa mafuta abwino. Ndatsala pang'ono kuseka ndekha pamsewu.

Kucheuka, a Ndevu akundithamangira m'mbuyo, dzanja lili pa kaliyala, mimba ikugwedezeka, akukuwa kuti "Buleki ili kumanja! Kumanja, mayi!"

Ine woyamba kupalasa iwo asanamere ndevuzo.

Batire ndi lamoyo. Kachipewa sakugula. Nanga n'chiyani?

Loweruka, 11 Meyi



Ndabwerera m'mawa. Ndati lero ndikutenga, lembani lisiti. A Ndevu ayamba kupukuta magalasi oyera kale. Akuti, "Mayi, bwerani ndi mwana wanu, tikambirane tonse."

Ndati mwana wanga mukumudziwira kuti?

Angopitiriza kupukuta magalasi aja.

Ndamenya kauntala mpaka mabelu a m'katoni alira. Basi zonse zatuluka. Akuti sabata yatha kunabwera mtsikana waulemu wake, wovala yunifolomu ya kuntchito, n'kuwaonetsa chithunzi changa pafoni. Mtsikanayo akuti amayi angawa akabwera musawagulitse. Amachita chizungulire, amagwa, ndiponso masiku ano mutu sukugwira bwino, amaiwalaiwala. Muziwauza kuti adikire, mtima wofuna njingawo uwathera wokha.

"Ine ndimati ndikuthandiza, mayi. Nanenso ndili ndi amayi anga."

Ndafunsa kuti wina wamva ndani. Akuti anangomutsina khutu Kachipewa, kuti azindiyang'anira pamsewu. Kumutsina khutu Kachipewa! Ndiye kuti amva ndi atelala onse. Ndi zija amayi a mayunifolomu akuonetsa zomangira zanga kwa wina. Nkhani si bondo ayi. Akuganiza kuti mutu wanga unamasuka.

Kugwa ndinagwadi, kamodzi, mwezi watha. Ndinaimirira pa mapedulo pachitunda chomwecho, tcheni n'kudumpha. Tcheni, osati mutu. Ndipo njinga ya magetsi ndikuifunira chomwecho, kuti ndisamaimirirenso pa mapedulo.

Ndatuluka osagula. Sindingagule chinthu kwa munthu amene akundilankhula mo-ko-ka.

Lamulungu, 12 Meyi

Ndamudikira abwere kuchokera kuntchito, avule nsapato, akhale pansi. Ndati Kapitawo, chizungulire changa chili bwanji lero?

Supuni yagwa. Sanakane, chimenecho ndimuyamikire.

"Amayi, inu simunadzione tsiku lija. Ine ndi amene ndinakuchapirani bulauzi. Magazi kuyambira kuchibwano mpaka m'chiuno. Mwagwa choncho pa njinga yokwawa, nanga yothamanga yokha?"

Ndati ukanandiuza ineyo.

"Ndinakuuzani! Munati ndisamale zanga."

N'zoona, ndinatero.

"Ndiye ndikanatani? Abambo kulibe. Ndatsala ndi inu nokha."

Walira, ine ndayang'ana kuzenera. Ndikanatha kumukumbatira, koma ndakumbukira telala uja akupotokola zomangira zanga, manja angouma.

Ndamufunsa kuti za kuiwalaiwala unazitenga kuti. Akuti za bondo zokha a Ndevu sakanamva, anafunika chowaopsa.

Wapita kukagona osadya. Inenso mbale yanga ndavundikira.

Lolemba, 13 Meyi

Kwacha. Foni yalira kale, amayi a mayunifolomu. Makina odulira m'mphepete aima, oda yayamba, akufunsa ngati ndingathe "kapena mupume kaye." Ndati ndikubwera, ndipo ndikubwera ndi mlendo.

Kope ili ndalisiya dala pathebulo, lotsegula, pafupi ndi kapu yako. Lero usachite kuba, werenga.

Chipewa cholimba cha panjinga chija unkanena ndivala, ngakhale chindisandutse bowa. Usiku sindiyenda. Ukafuna, uzindiimbira ndikafika. Mantha ako ndawamva, ndipo si opusa.

Koma dzina langa unalichotsa pamalo pake, ukalibwezere wekha. Uimbe kuntchito kwanu kuti uchedwa. Tiyambira kwa a Ndevu: ukanene ndi pakamwa pako, mokweza ngati mmene amandilankhulira iwo, kuti amayi anga mutu wawo ndi wabwinobwino, ndinanama. Kachipewa akakhalapo, amve nawo. Ndikatenga yakuda ija. Kenako kumtunda, ukanenenso zomwezo pamaso pa atelala onse, ine ndikumasula makina awo.

Ine ndikwera. Iwe ukankha yakaleyi, ulione bwino chitundacho.

Vala nsapato zafulati. Ndili panja.