Bambo Anakuikani m'Manda pa Kanema

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kawale tilipo, koma miyendo ya bambo ikutupabe, ndipo mayi sakudya bwino.

Mwezi watha kunabwera a kanema kudzacheza ndi bambo za masewero awo akale a pa wailesi. Anavala jekete yawo yakuda ija, ndipo anayankha bwino ndithu mpaka mtolankhani anafunsa kuti, “Ana muli nawo angati?”

Bambo anati, “Watsala mmodzi, wamkazi. Wamwamuna ndinamutaya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.”

Mtolankhaniyo anapepesa. Ine ndinali pakhomo, ndipo sindinawatsutse.

Pulogalamuyo anaionetsa Lamlungu. Kutacha, amayi a mumpingo wathu wakale wa ku Chigwirizano anafika atavala zitenje za pamaliro, akudandaula kuti tinawabisira zovuta. Mayi anawayalira mphasa, nakhala nawo pansi, n'kuyamba kulira. Analira zenizeni, achimwene. Palibe anatsegula pakamwa kunena kuti muli moyo.

Nditawafunsa bambo, anangoti, “Ndanama pati? Munthu wamoyo amalonjera makolo ake.”

Sindikupempha katundu ayi. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi amene akuti amakuonani, ndipo nambala yanga ili kuseriku. Imbani, bambo amve mawu anu asanatsikire kumene anakuikaniko.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike