Kabokosi Kothamangitsa Udzudzu ndi Neti ya Mwana wa Amawailesi

KOMITI YA ZAUMOYO YA OCHITA LENDI A MDADADA WACHIWIRI

Tsiku: Loweruka, 8 Febuluwale
Malo: Chipinda chosokeramo cha Wapampando
Opezeka: Atelala (Wapampando), Amawailesi, Mayi Nesi opuma, Alamu awo a Wapampando, Mlembi
Opepesa: Ometa, ali gone ndi malungo

1. Kutsegulira
Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 3 koloko masana, atasuntha nsalu za eni ake kuti mamembala apeze pokhala.

2. Lipoti la kabokosi
Amawailesi, amene amakonza mawailesi pakhonde, anaika patebulo kabokosi kachiwiri kamene apanga. Anafotokoza kuti muli batire, mathiranzisita awiri ndi kasipika kochotsedwa m'wotchi yakufa. Anati kamalira mopyapyala kwambiri mwakuti khutu la munthu silimva, koma udzudzu umamva n'kuthawa.

Alamu anafunsa kuti tidziwa bwanji kuti kayaka, poti tonse sitikumva. Amawailesi anakayatsa, ndipo galu wa Wapampando anavumbuluka pansi pa makina osokera n'kuthawira panja akulira. Amawailesi anati umboni ndi umenewo. Alamu anati, "Ndiye mwapanga kothamangitsa agalutu, achimwene." Wapampando analamula kuti mawuwa asalembedwe, koma Mlembi anali atalemba kale.

3. Za matenda a Ometa
Mayi Nesi ananena kuti Ometa atalandira kabokosi koyamba anapinda neti yawo, ndipo Mayi Nesiwo pokawazonda anapeza udzudzu utatera pakasipika penipeni. Amawailesi anati batire inali itafooka.

Mayi Nesi anafunsa kumene kabokosi kachiwiri kamagona. Amawailesi anati kamagona kuchipinda kwa mwana wawo wamkazi, amene ndi woyembekezera, ndipo neti anaitsitsa okha kuti kabokosi kayesedwe bwino. Mayi Nesi anaimirira osapempha chilolezo nati, "Bambo, yeserani pamkono panu, osati pamimba pa mwana!"

4. Zogwirizana
Mamembala anagwirizana kuti neti zonse zibwerere m'malo mwake lero lomwe, ndipo pasapezeke wogona podalira kabokosi. Wapampando anati ntchito isaleke: udzudzu utsekeredwe m'chibotolo, munthu alowetsemo mkono, kabokosi kakulira, komiti yonse ikuona. Kakalephera, ochita lendi onse auzidwe poyera. Amawailesi anapereka mkono wawo. Alamu anapatsidwa ntchito yogwira udzudzu, ngakhale anakana kawiri.

5. Zina ndi zina
Amawailesi anapempha kubwereka nyundo, misomali ndi chingwe, ndiponso kuti atsogole. Wapampando anawakumbutsa kuti msonkhano sunathe. Iwo anayankha kuti, "Udzudzu sudikira pemphero lotsekera, Apampando. Dzuwa lapendeka, mwana uja agona wopanda neti." Analoledwa. Kabokosi anakasiya patebulo. Mayi Nesi anachotsamo batire, ndipo galu anabwerera pamalo pake.

6. Kutsekera
Msonkhano wina udzakhalako Loweruka, 22 Febuluwale, pamalo omwewa, chibotolo chili patebulo. Wapampando anatseka msonkhano nthawi itakwana 4:40 madzulo, kugogoda kwa nyundo kukumveka kunyumba kwa Amawailesi.

Wapampando: ____________________
Mlembi: ____________________