Funso la Selestina pa Phunziro la Ahindu

Amayi anga,

Kodi mukukhala bwanji kumene muliko? Kuno ku Matema, ku Tete, tilipo. Kutentha ndi komwe munakusiya kuja, koti masana mbuzi zimakana kuchoka pansi pa msawu ngakhale muzigende.

Achimwene a Zakariya akumba mbatatesi ku Angoniya, zachita bwino, koma nyemba zinaola ndi mvula. Denga la nyumba yanu alikonza mbali yomwe linkadontha. Malo anu a tomato pamsika akhalapo ndi Esinta, mwana wa azakhali a Marita. Akuti pali agogo ena aamuna omwe amabwerabe n'kufunsa kuti mayi a ku Angoniya aja abwera liti. Esinta anawauza kale kawiri konse, koma amaiwala, ndiye masiku ano amangowayankha kuti muli kumudzi.

Ndazungulira mokwana. Inu munkati nkhani yowawa ndi minga ya kuphazi, ukachedwa kuizula umayamba kuyenda mopendama.

Mwana uja munamusiya m'mimba anabadwa, Amayi. Anali wamkazi. Mukudziwa zaka zomwe ine ndi mkamwini wanu Armando tinadikira, ndi makapulana, zitenje zija, omwe munkagula mobisa n'kumasunga m'sutikesi. Tinamufunditsa omwewo. Tinamutcha Rozaliya, dzina lanu. Azakhali a Marita atamunyamula anayang'ana khutu lake lakumanzere, lopindika pamwamba ngati lanu, n'kunena kuti, "Achemwali abwerera." Ine ndinaseka, ndinati azakhali, ife ndife akhristu. Koma ndikatsala ndekha naye m'nyumba, ndinkamuitana kuti Amayi.

Sanathe mwezi. Anayamba kutentha thupi, kenako kupuma mobanika. Kuchipatala anayesetsa. Anatisiya m'mawa, akuyamwa pang'ono n'kusiya, ngati watopa chabe. Tinamuika kumanda a ku Mpadue, kutali ndi inu. Chaka chimodzi chomwechi ndaika maliro a Rozaliya kawiri.

Pamaliropo ndinamva azimayi ena akunong'onezana kuti khanda silifa chabe, mwina bambo wake analitsempha. Armando anamvanso. Kuyambira pamenepo amadya atawerama, ndipo tinkakhala m'nyumba ngati anthu awiri osadziwana odikira shapa pa siteji ya minibasi.

Nditabwerera kusukulu ndinapeza ana anga a sekondale afika pa mutu wa zipembedzo za ku Asia, ndipo ine ndinayenera kuyamba ndi Chihindu. Tsiku loyamba linayenda bwino. Ndinapachika mapa, ndinawaonetsa India ndi mtsinje wa Ganje womwe Ahindu amaulemekeza. Ndinawauza kuti chipembedzochi chilibe munthu mmodzi amene anachiyambitsa, ndipo kwambiri chinayenda ndi amalonda m'ngalawa, motsata mphepo ya panyanja, kupita kum'mawa mpaka ku Bali, komwe chilipo mpaka lero. Kenako ndinatembenuza chala kubwera kuno, kuchokera ku Gujarati ndi Diu, kufika kugombe kwathu, n'kukwera Zambezi mpaka Sena ndi Tete. Ana anadabwa kuti nkhani ya m'buku yathera pa maloja, masitolo a nsalu a Ahindu aja, omwe amawadutsa tsiku lililonse. Nditanena kuti Ahindu sadya ng'ombe, mnyamata wina anafunsa ngati mbuzi amadya, akuti ngati sadyanso mbuzi ndiye ku Tete kuno anabwera molakwitsa. Ndinaseka, Amayi, koyamba chimwalirireni mwana.

Tsiku lachiwiri linali la zikhulupiriro. Ndinalemba pabolodi kuti kwa Ahindu mzimu wa munthu suufa, umabadwanso m'thupi lina, kubadwa ndi kufa, kubadwa ndi kufa, mpaka utamasuka. Ndinalemba mawu oti karma, n'kufotokoza kuti zochita za munthu zimamutsata, zabwino ndi zoipa zomwe, ngakhale m'moyo wotsatira. Ndinkalemba msanga, osatembenuka, kuti ndithane nazo.

Pali mtsikana wina m'kalasimo, Selestina, wochokera ku Tsangano. Anabwera pasukulupa ine ndili kunyumba, choncho za ine sankazidziwa. Anakweza mkono. M'kalasi timayankhula Chipwitikizi, koma iye anafunsa m'Chinyanja chathu chomwechi.

"Profesora, nanga khanda likafa lisanachite kanthu kalikonse, ndiye kuti walakwa ndani? Ilo kapena mayi wake?"

Enawo, poti ankadziwa, anayang'anizana. Kenako ndinamva kunyowa pachifuwa. Mkaka unali usanaume, Amayi, unatulukira pabulauzi pamaso pa ana onse aja. Ndinaika choko patebulo, ndinafunda buku pachifuwa, ndinatuluka. Ndinakakhala kuseri kwa chimbudzi cha aphunzitsi mpaka belu linalira.

Loweruka lake ndinawoloka ponte, mlatho wa pa Zambezi uja, kupita kwa Dona Shanta. Inde, alipo, akukhalabe kuseri kwa loja ya mwana wawo. Akalamba kwambiri, maso achita mtambo. Ndinadzinamiza kuti ndikupita kukafunsa za phunziro. Nditalowa ndinamva fungo lomwe lija la lubani, ndinaona kanyali kaja kakuyaka patsogolo pa zithunzi za milungu yawo, ndipo ndinakumbuka nthawi yomwe tinangobwera kuchokera ku Malawi, inu mukuwachapira ndi kuwaphikira, ine nditakhala pakhonde ndi kope langa. Munkandiletsa kuseka zithunzizo. Munkati pomwe mnzako wagwada, iwe usapondepo ndi nsapato.

Anandizindikira ndi mawu. Anati, "Luziya wa Rozaliya," n'kundigwira kumaso ndi manja onse awiri. Za inu anamva, za mwana anali asanamve. Ndinawauza zonse, ndi funso la Selestina lomwe. Anayankhula m'Chinyungwe chawo chosakaniza chija.

"Ife munthu wamkulu akafa timamutentha. Khanda sititentha, timaliika m'nthaka. Moto ndi woyeretsa, ndipo pakhanda palibe choti moto uyeretse."

Ndinafunsa kuti nanga limabwereranji ngati silikhala. Anati, "Ena kwathu amati mzimu umenewo unatsala ndi kaulendo kakang'ono, ndiye unafuna manja abwino oti utsirizireko. Ine sindidziwa, mwana wanga. Wanga wachiwiri anapita momwemo. Ansembe anandiuza zambiri, koma chomwe ndimakumbuka ndi mayi ako. Anandimanga nsalu pachifuwa kuti mkaka uume, ndipo sananene kanthu."

Zimenezi simunandiuzepo, Amayi. Anatuma mdzukulu wawo kukatenga nsalu yoyera m'loja, ndipo anandimanga okha, akuti umu ndi momwe munawamangira inu. Ndinalira pamiyendo pawo kulira komwe ndinalephera ku Mpadue.

Lolemba ndinabwerera m'kalasi. Selestina anandidikira pakhomo, anzake anali atamuuza. Anagwada kuti apepese, ine ndinamudzutsa. Ndi pomwe anandiuza chifukwa chomwe anafunsira. Mayi ake anataya khanda chaka chatha ku Tsangano, akuchimuna anati ndi iwo analitsempha, banja linatha, n'chifukwa chake anasamukira kuno kudzagulitsa kabichi. Mpaka lero mayiyo amadzifunsa chomwe analakwa.

Ndinayamba phunziro pomwe ndinalekezera. Ndinawauza kuti funso la mnzawo ndi lalikulu, ndipo Ahindu okhaokha saliyankha mofanana, monga ifenso sitiliyankha mofanana. Ndinawauza zomwe mayi wachihindu wa mumzinda mwathu momwemuno anandiuza za moto ndi makanda. Mawu anandithera kawiri, koma sindinatuluke. Palibe anaseka. Pomaliza Selestina anafunsa ngati angakawauze mayi ake zimenezo, ngakhale iwo ndi a mpingo wina. Ndinati akawauze.

Nanenso ndinamuuza Armando, tikudya. Anadzuka, anapita panja, anabwerako maso ali ofiira, n'kundifunsa ngati Lamulungu tingapite limodzi ku Mpadue. Tinapita. Aka kanali koyamba kuimirira pamandapo tili awiri. Sindikunena kuti m'nyumba mwakhala bwino, koma tayamba kutchula dzina lake.

Musaope, sindinasiye tchalitchi. Sindikudziwa ngati munali inu mwa mwana uja, monga ananenera azakhali. Masiku ena ndimafuna zitakhala choncho. Masiku ena zimandiopsa, chifukwa ndiye kuti munabwera kwa ine, ine n'kulephera kukusungani. Ana alemba mayeso a mutuwu, ambiri akhoza. Ine mphunzitsi wawo ndi amene ndikadali pa funso lomwe lija.

Ndili ndi pempho limodzi. Ngati ali kumeneko, mumufunefune, chifukwa sadziwa munthu wina aliyense. Sakonda kugonekedwa chagada, amalira. Mumuike paphewa, muzimusisita kumsana pang'onopang'ono, amagona. Sanamvepo nyimbo zambiri, ndinkadikira kuti akule kaye.

Sukulu ikatsekera ndibwera ku Angoniya kudzalambula pamanda panu. Ndidzatenga dothi pang'ono la ku Mpadue m'kansalu, ndidzalithira pambali panu. Armando wati abwera nawo.

Ndimakukondani, Amayi. Mundipsompsonere mwanayo.

Ndine mwana wanu,
Luziya