Positala ya filimu yanga inaliritsa mudzi

Aphungu,

Ndiyambe ndi kudziulula. Lachiwiri lapitali ndinali pa kamalo kena komwera khofi ku City Centre, foni ili m'manja, ndikunyadira kuti positala ya filimu yanga ikuyenda. Anthu osawadziwa n'komwe amagawana. Wina analemba pansi pake kuti, "Mulungu atonthoze banja lonse." Ine mumtima n'kumati, koma anthu ena ndi ozama, filimu sanaionere koma yawakhudza kale. Zinanditengera maola atatu kuti ndizindikire kuti ndalengeza maliro.

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimakhala ndi makolo anga ku Area 12. Kwa chaka chathunthu ndakhala ndikupanga kafilimu ka mphindi khumi ndi ziwiri, popanda kampani iliyonse kumbuyo kwanga, kungoti kamera yobwereka ndi anzanga awiri. Ndi nkhani ya bambo amene amathirira kapinga wa eni m'tauni pamene chimanga chake chikufota kumudzi. Amene anasewera ndi a Gladson Zikhale, omwe akhala akusamalira maluwa pakhomo pathu kuyambira ndili ku pulayimale. Sanasewerepo chibadwire, koma Aphungu, bambowa akangokweza maso kufunafuna mitambo, woonera amamva ludzu. Filimuyi yasankhidwa kuti ikaonetsedwe pa chikondwerero cha mafilimu aafupi kunja kwa dziko lino. Akufuna nditumize kope lomaliza pofika kumapeto kwa mwezi uno.

Filimu ikasankhidwa chonchi, eni chikondwerero amakutumizira kachizindikiro koika pa positala, timasamba tozungulira ngati nkhata. Kwa ife opanga mafilimu kameneko ndiye kaulemu, timachita kukalota. Mnzanga Paxton, yemwe amakonza zithunzi, anasankha chithunzi cha kumapeto kwa filimu, pomwe a Zikhale agona chagada pa kapinga kupumula, atatsinzina. Anachotsa mitundu yonse, kumbuyo n'kudetsa bii. Pamwamba nkhata ija. Pansi dzina lawo lonse m'zilembo zoyera, ndi tsiku la chionetsero. Tonse awiri tinawomba m'manja, tikutamandana ndi mawu akuluakulu a ku koleji. Chimene mwana wa sitandade 2 akanaona, ife sitinachione.

Esnati, yemwe amagwira ntchito m'nyumba mwathu ndipo ndi wa mudzi umodzi ndi a Zikhale kupitirira Mitundu, anaiika positalayo pa WhatsApp monyadira, n'kusiya foni m'chipinda, pakuti amayi anga salola mafoni nthawi ya ntchito. Ya a Zikhale nayo inali m'thumba la jekete m'galaja. Anthu anaimba mpaka kutopa. Foni ziwiri zosayankhidwa, kwa iwo unali umboni wokwanira.

Pofika masana, kumudzi anali atayala masamba pamsewu. Mfumu inauzidwa. Amayi a Mvano anasonkhana. Mayi awo a Zikhale, okalamba, osaona bwino, anawatulutsa m'nyumba atawagwirira uku ndi uku. Akazi awo, a Naphiri, anamanga nsalu m'chiuno n'kukwera minibasi ndi achimwene awo kudzatenga thupi, akulira njira yonse mpaka ku depoti ya Old Town.

Ine ndinafika pa geti nthawi imodzi ndi iwo. Malemuwo tinawapeza atagwira paipi, akuthirira maluwa a amayi.

"Abambo ake Leticia," anatero a Naphiri, mawu atasasa, "si mwamwalira inu?"

"Ine? Liti?"

"M'mawa."

"M'mawa ndimameta mpanda," anayankha choncho, ngati munthu wopereka umboni kupolisi.

Esnati anaseka mpaka kukhala pansi. Inenso ndinaseka, ndivomere. A Naphiri sanaseke. Anamasula nsalu ija pang'onopang'ono n'kuipinda bwinobwino, ngati yobwereka.

Achimwene awo anabwerera tsiku lomwelo kukachotsa masamba pamsewu. A Naphiri sanabwerere. Amagona ku kanyumba ka kuseri, ndipo tsiku lililonse cha m'ma 2 koloko amabwera kudzakhala pakhonde pathu. Mpando amakana, amakhala pansi. Tiyi amalandira ndi manja awiri. Timacheza za mvula, za feteleza, za maenje a msewu wa ku Mitundu. Dzuwa likapendeka amatsanzika ngati wa ulendo wautali, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Mawu okhawo okhudza nkhaniyi anali a dzana: "Kodi mayi, kunjako chithunzi chija akachionanso?" Ndinati inde. Anati, "Oo." Basi.

Ndinawafunsa a Zikhale pambali. Anati, "Mayi a kunyumba akuti filimuyo isatuluke. Akuti munthu wamoyo akaliridwa ndi malodza, ndiye musawonjezere olira." Ndinati, nanga inuyo mukuti bwanji? Anayang'ana paipi. "Ine zili kwa inu, achemwali. Pepala lija si ndinasaina?"

Pepala lachilolezo anasainadi. Lili m'Chingerezi, ndinawamasulira ndekha. Amayi anga akuti ndiwagulire mayiwo chitenje ndi shuga azipita. Paxton akuti, "Iwe, ena amachita kuvutikira kuti filimu itchuke chonchi. Lemba nkhani yonseyi pa intaneti, mawa tili pa wailesi." Positala ndinaichotsa. Koma filimuyi ndi chaka changa chonse, ndipo sindikudziwa ngati mwayi wotere udzabweranso. Nditumize kapena ndiichotse? Nanga mlendo wa pakhondeyu nditani naye? Pamene ndikulemba pano ndikuwaona pa zenera. Akuyang'ana kapinga.

H.B., Area 12, Lilongwe

H.B. mwanangu,

Ndaseka, undikhululukire. Koma tsopano tisiye kuseka, pakuti pakhonde pako pali munthu amene anakhala wamasiye kwa theka la tsiku, ndipo palibe wamupepesa. M'kalata yako ndafunafuna mawu akuti "pepani", sindinawapeze. Ndapezamo tiyi.

Ukudabwa kuti a Naphiri sakunena chimene abwerera. Anene bwanji? Ali pakhomo pa abwana a amuna awo. Akayamba iwo chikhala chipongwe, ndipo ntchito ya bambo ili pomwepo. Ndiye akhala pansi pamalo poti uziwaona, kudikira kuti wolakwa atsegule nkhani. Masiku asanu ndi limodzi akhala akukupatsa mpata, iwe n'kumawauza za feteleza. Komanso kumudzi akabwerere ndi chiyani? Anachoka akulira pamaso pa anthu onse. Akakangotsika minibasi ndi chitenje chatsopano, anthu adzati anakagulitsa maliro a mwamuna wake. Uwauze amayi ako mwaulemu kuti shuga ayambe wadikira.

Mawa usadikire 2 koloko. Pita ku kanyumbako iweyo, uodire, ukhale pansi, upepese osaikapo "koma". Za nkhata ija ndi ulemu wake kunja usafotokoze pokhapokha atafunsa.

Kenako pali funso limene sunadzifunse: kodi a Naphiri filimuyi anaionera? Alendo a kutali aionera mpaka kuisankha, koma amene amapalira chimanga chofotacho angoona chithunzi chimodzi, cha mwamuna wawo atatsinzina. Akukana chithunzi, filimu sakuidziwa. Uwaonetse onse awiri, paokha, makolo ako palibe, ndipo iwenso utuluke. Usakaime pa zenera kuwerenga nkhope zawo.

Za pepala lija usadzinamize. Munthu amene anakuona ukupita ku pulayimale, amene amagwira ntchito kwa abambo ako, ukamupatsa cholembera amasaina. "Zili kwa inu" si kuvomera. Pempha abambo ako awauze a Zikhale ndi pakamwa pawo, a Naphiri akumva, kuti ntchito ilipo kaya filimu ituluke kaya isatuluke. Zikatero ufunsenso. Yankho la tsiku limenelo ndilo chilolezo.

Kumudzi uyenera kupitako, ndi munthu wamkulu wa kwanu, a Zikhale ali patsogolo kuti anthu awaone akuyenda ndi miyendo yawo. Kamera usiye kunyumba. Ndimakudziwani inu opanga mafilimu, mukangoona anthu atasonkhana mumati iyi ndi filimu ina. Mayi wokalamba uja analira mwana wake, mfumu inavutitsidwa, amayi a mpingo anasiya makasu m'minda. Kapepesedwe kake uwafunse achimwene awo a Naphiri, pakuti midzi imasiyana, ndipo zimene anene uchite osatsutsa. Akakupempha kuti uonetse filimu kumeneko, onetsa. Usadziitanire.

Paxton umuuze kuti ayi. Misozi ya eni satsatsira malonda. Ngati ali ndi mphamvu zotsala, akonze positala ina, bambo ataimirira, maso ali otsegula, ndipo isanapite kulikonse aione a Naphiri. Eni chikondwerero uwalembere lero lomwe kuti chithunzi chakalecho asachigwiritse ntchito. Funso la a Naphiri la dzana lija linali limenelo.

Tsono funso lako. Akaonera n'kuvomera, tumiza. Akakana, ichotse. Zidzakuwawa, ndikudziwa, ndipo sindikulonjeza kuti mwayi wina ubwera msanga. Koma iwe wapanga filimu yodandaula kuti moyo wa bamboyu ukuthera pa kukongoletsa za eni. Sungaitumize iye ndi mkazi wake akukana, n'kukaimirira pamaso pa anthu akukuwombera m'manja.

Chenjezo langa ndi ili: usawafulumizitse chifukwa cha tsiku lako la kumapeto kwa mwezi. Tsikulo ndi lako, si lawo. Mwina akaonera sadzanena kanthu, ndipo usawakakamize. Koma tsiku limene a Naphiri adzamange katundu, usawasiye pa geti, usawatumizire galimoto. Uwanyamulire kathumba kawo, uwaperekeze wapansi mpaka pa siteji. Ku Area 12 ndi kamtunda ndithu, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Mawu enieni anthu a kwathu sanenera pakhonde la eni. Amanenera panjira, mlendo ndi womuperekeza onse akuyang'ana kutsogolo. Ngati ali ndi yankho, udzalimva pamenepo, minibasi isanadzaze. Lililonse limene lingakhale, uthokoze, ndipo uime pomwepo mpaka minibasiyo ikhote.

Aphungu